Nkhalamba Ikaulula za M'nyumba

Anthu otchuka akakalamba ndi kupuma pa ntchito, kawirikawiri amatisiyira mabuku owerengera zipambano zawo: mafumu amene adadya nawo, misonkhano imene adaitsogolera, adani amene adawagonjetsa. Mabuku otere timawawerenga mwaulemu, kenaka nkuwaika pa alumali osawatsegulanso. Buku limene tifuna kulingalira mwezi uno ndi la mtundu wina. Lidatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 2014 ndi dzina loti The Book of Forgiving, ndiye kuti buku la kukhululuka. Adalilemba Ambuye Desmond Tutu, Arkiepiskopi wopuma wa Mpingo wa Anglikani ku Cape Town, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi Mpho, amenenso adadzozedwa unsembe mu mpingo womwewo. Nthawi imeneyo nkuti Ambuye Tutu ali ndi zaka 82. Dziko lonse lidawadziwa ngati munthu wolimbana ndi boma la tsankho. Koma atafika pa msinkhu umenewo, mlandu umene adatsegulira mutu woyamba wa buku lawo udali wa bambo awo owabereka.

Tiyambe takumbutsana za munthuyo. Desmond Tutu adabadwa pa 7 Okutobala 1931 ku Klerksdorp, m'dziko la South Africa. Bambo awo, a Zachariah, adali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mishoni; mayi awo, a Aletta, ankagwira ntchito yophika ndi kuchapa. Iwonso adayamba ndi uphunzitsi, koma adausiya boma litakhazikitsa lamulo la 1953 lopatsa ana a anthu akuda maphunziro operewera mwadala, ndipo adalowa unsembe. Kuyambira 1978 adatsogolera bungwe la mipingo ya m'dzikolo, mu 1984 adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel, ndipo kuyambira 1986 mpaka 1996 adali Arkiepiskopi wa Cape Town. Potula udindowo pansi sadapeze mpumulo, pakuti Pulezidenti Nelson Mandela adali atawasankha kale kukhala wapampando wa Truth and Reconciliation Commission, bungwe lofufuza zoona za nthawi ya tsankho ndi kuyanjanitsa anthu. Bungwelo lidalandira maumboni oposa 21,000 a anthu ozunzidwa ndi oferedwa. Mu 1997 madokotala adawapeza ndi khansa, ndipo mu 2010 adalengeza kuti akusiya ntchito za poyera kuti azikhala ndi mkazi wawo, a Leah, ndi kucheza ndi adzukulu. Buku lathuli ndi chipatso cha zaka zopumazo.

Chilonda cha kwawo

Mutu woyamba ukutilowetsa m'nyumba imene Desmond adakuliramo. Bambo awo, munthu wophunzira ndi wolemekezeka pa mudzi, ankati akaledzera ankanyoza ndi kumenya mkazi wawo, mnyamatayo akuonerera, wopanda mphamvu zoleretsa. Nkhalambayo ikuvomera poyera kuti ngakhale papita zaka zoposa 70, zimene idaona usiku umenewo sizidafufutike, ndi kuti ikazikumbukira mtima wofuna kubwezera umadzukabe. Munthu amene adalimbikitsa mtundu wathunthu kukhululukira apolisi opha anthu akutiuza kuti kukhululukira kholo lake lomwe kudali ntchito ya moyo wonse.

Tikudziwa kuti ena mwa awerengi athu adzakhumudwa nazo zimenezi. Tidaleredwa ndi mwambo woti za m'nyumba saulula pabwalo, ndipo Malembo Oyera amayamikira ana awiri a Nowa amene adafunditsa bambo wawo woledzera akuyenda chafutambuyo. Kodi nkoyenera kuti Arkiepiskopi wathunthu avule bambo wake womwalira pamaso pa dziko lonse? Funsoli si lopanda pake. Komabe tiyenera kuona kuti Nowa adaledzera nagona m'hema mwake osapweteka munthu, pamene m'nyumba ya a Zachariah mudali mayi wolandira nkhonya. Chinsinsi chophimba manyazi a kholo chimachokera ku chifundo, koma chinsinsi chophimba misozi ya womenyedwa chimangothandiza womenyayo. Ndiponso Ambuye Tutu sakulemba monyodola. Akuti bambo awo ankapweteka ena chifukwa iwo eni adali opwetekedwa, ndipo akuti akadakhala moyo akadawauza kuti adawakhululukira.

Kupwetekedwa kumeneku kudachokera kuti? Bukuli likuyankha ndi nkhani ina, imene ife tikuiona ngati mtima wa buku lonse. Desmond atakhala bambo nayenso, iye ndi mkazi wake adatumiza ana awo ku sukulu ya ku Swaziland, dziko limene lero likutchedwa Eswatini, powathawitsa maphunziro a tsankho aja. Ulendo wake udali wautali, ndipo nyumba za alendo za m'njira sizinkalandira anthu akuda. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo adaima pa sitolo kuti awagulire anawo ayisikilimu. Mnyamata wogulitsa adawauza, ndi mawu achipongwe, kuti anthu akuda amagulira pa zenera, panja. Wansembeyo adatuluka osagula kanthu, ndipo ukali wonse umene sakadatha kuutsanulira pa wogulitsayo adautsanulira pa ana ake, nawalamula mokalipa kuti abwerere m'galimoto. Anawo sadadziwe chimene adalakwa.

Makolo athu ankati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Pano mwambiwo watembenuka, pakuti chipongwe chodya bambo chidapota ana. Apa mpamene bukuli likutiphunzitsa chinthu chimene mabuku ambiri a za chilungamo amachilumpha. Chisalungamo cha dziko sichithera pa khomo la ofesi ya boma kapena pa zenera la sitolo. Chimamutsata munthu mpaka kunyumba, chimakhala naye pa mphasa, ndipo chimagwera iwo amene ali ofooka kuposa iye: mkazi ndi ana. Agogo athu ambiri amene adapita ku migodi ya ku Joni adalawako chipongwe chomwechi, ndipo mabanja awo ndiwo angasimbe zimene ena a iwo adabwera nazo pamodzi ndi njinga ndi mabulangete. Sitikunena kuti tsankho limamuchotsera womenya mkazi mlandu wake, ndipo bukuli silinena choncho. Amuna ambiri adanyozedwa koma sadakweze dzanja. Tikunena kuti mwana amene adamva ukali ukufufuma m'chifuwa chake pa sitolo paja adayamba kumvetsa bambo wake m'njira imene sakadatha ali mnyamata. Nzeru yotereyi imadza ndi zaka, munthu atadzipeza akuchita zimene ankadana nazo mwa makolo ake.

Pali nkhani yachitatu, ndipo ndiyo ya ukalamba weniweni. Madzulo ena a Zachariah adauza mwana wawo kuti ali naye ndi mawu. Desmond adali atatopa ndi ulendo, choncho adapempha kuti akambirane mawa. Kutacha adamva kuti bambo awo amwalira. Zimenezi zidachitika mu 1971, ndipo patapita zaka 43 mwanayo adali akudzifunsabe ngati bambo ake ankafuna kupepesa, ndi ngati iye adawatsekera khomo pa usiku wawo wotsiriza. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mnyamata amaganiza kuti mawa ndi nkhokwe yosatha. Nkhalamba yodwala khansa imadziwa kuti m'nkhokwemo mwatsala zitsononkho. Nchifukwa chake gawo lomaliza la bukuli likukamba za kudzikhululukira wekha, ndipo likumveka loona chifukwa wolembayo adasenza yekha katunduyo.

Njira ya magawo anayi

Pa maziko a nkhani zimenezi olembawo akumanga chiphunzitso chawo, chimene achigawa panayi. Poyamba wolakwiridwa asimbe zimene zidachitika, mwatsatanetsatane, kwa munthu womumvetsera. Kachiwiri atchule dzina la ululu wake, kaya ndi manyazi, mantha, chisoni kapena mkwiyo. Kachitatu akhululuke, pozindikira kuti womulakwirayo ndi munthu ngati iye mwini. Kachinayi asankhe kumanganso ubalewo kapena kuumasula.

Magawo awiri oyambawo ndi amene tikuwayamikira kopambana. Nthawi zambiri ife akhristu timathamangira ku chikhululukiro ngati anthu othawa mvula. Mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake amulanda nyumba timamuuza kuti angoiwala; mkazi wotupa nkhope timamuuza kuti banja ndi kupirira. Bukuli likukana kufulumira kotero. Chilonda chimene sichidatsukidwe chikamangidwa, chimaola m'kati. Gawo lachinayi nalonso ndi lolimba mtima, pakuti likuvomera kuti munthu angathe kukhululuka ndi mtima wonse koma osabwerera m'nyumba ya womuzunza. Ankhoswe ndi atsogoleri a miphakati akadamva mfundo imeneyi, amayi ambiri akadapulumuka.

Mawu a Mpho akuwonjezera kulemera kwa bukuli. Mu 2012 mayi amene ankamuthandiza ntchito za pakhomo adaphedwa m'nyumba ya Mpho yemweyo. Polemba bukuli nkuti chilondacho chili chachiwisi, ndipo Mpho sakudzionetsa ngati munthu amene adafika kale kumathero a njira. Tikuona bambo wokalamba akulankhula za mabala akale amene adapola nasiya zipsera, ndi mwana wake akulankhula za bala limene likuchuchabe magazi. Nkosowa kuona mtsogoleri wamkulu wa mpingo akugawana cholembera ndi mwana wake wamkazi, namulola kunena kuti zimene bambo akuphunzitsazi nzovuta kuzichita.

Pamene bukuli likutsimphina

Tikadalekera pamenepa tikadakhala oyamikira chabe, pamene buku la munthu wokonda zoona liyenera kuwerengedwa moona. Pali malo atatu pamene likutsimphina.

Poyamba, pofuna kukopa awerengi a zipembedzo zonse ndi opanda chipembedzo omwe, olembawo akutsamira kwambiri pa mfundo yoti kukhululuka kumapindulira wokhululukayo: kumapepuza mtima, kumachepetsa nkhawa, kumathandiza thanzi la thupi. Zimenezi zingakhale zoona. Koma chikhululukiro chikasanduka mankhwala a kuthamanga kwa magazi, wolakwa uja amazimirira, ndipo chimatsala ndi kudzisamala wekha. Ambuye Tutu omwewo ndiwo adaphunzitsa dziko lonse za umunthu, kuti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake. Masamba amene akutsata chiphunzitso chimenechi ndi amphamvu. Masamba amene akuwerengera phindu la kukhululuka ndi opepuka.

Kachiwiri, kumapeto kwa mutu uliwonse kuli zochita: kusinkhasinkha uli chete, kulemba maganizo ako m'kabuku, ndi miyambo ya mwala. Mwambo umodzi ndi wokoma ndithu: utole mwala wokwana m'dzanja, uunyamule m'mawa wonse osautula, kuti umve m'thupi mwako m'mene chakukhosi chimalemerera ndi kukulepheretsa ntchito. Mlimi aliyense angamve phunziro limeneli. Koma zolembalembazo zikuganizira munthu wokhala yekha m'chipinda chake, wodziwa kulemba, wokhala ndi nthawi. Ambiri mwa iwo amene adapereka umboni pamaso pa Ambuye Tutu adali anthu osauka a m'makomboni, ndipo chimene chidawathandiza chidali kumvedwa ndi khamu la anthu. Kuyanjana kwa pabwalo, pamaso pa mboni, bukuli lakuchepetsa mpaka kwakhala ntchito ya munthu mmodzi ndi kabuku kake.

Kachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, katundu wolemera wasenzetsedwa wolakwiridwa. Nzoona kuti muli mutu wolankhula kwa olakwa, wowauza kuti avomere, apepese ndi kukonza zimene adaononga. Koma mutuwo ndi umodzi, pamene mbali yaikulu ya buku ikuphunzitsa wopwetekedwa m'mene angakhululukire ngakhale winayo asapepese. Pa moyo wa munthu payekha uphungu umenewu ndi wanzeru, pakuti a Zachariah adapita, ndipo mwana wawo sakadadikira chipepeso chochokera kumanda. Koma pa moyo wa dziko, mbiri ya South Africa yomweyo ikutichenjeza.

Taonani m'mene zidayendera. Lamulo lokhazikitsa bungwe lija linkamasula ku mlandu munthu amene waulula zonse ndi kuonetsa kuti adazichita pa zifukwa za ndale. Kupepesa sikudali kofunika. Anthu oposa 7,000 adapempha kumasulidwa, ndipo 849 adaloledwa. Bungwelo lidapempha kuti ozunzidwa azilandira chipukutamisozi chaka ndi chaka kwa zaka 6, ndalama zoposa R100,000 munthu aliyense zikaphatikizidwa. Mu 2003 boma la Pulezidenti Thabo Mbeki lidalamula kuti apatsidwe R30,000 kamodzi kokha. Milandu pafupifupi 300 imene idatumizidwa kwa oimba milandu a boma yambiri idangogona m'mafayilo. Bukuli likuyamba ndi umboni wa mkazi wa Sicelo Mhlauli, mmodzi mwa amuna anayi ophedwa ndi apolisi mu 1985 amene amakumbukiridwa ndi dzina la tauni ya Cradock. Apolisi amene adapempha kumasulidwa pa imfa zimenezi adakanizidwa, komabe palibe mmodzi yemwe adaimbidwa mlandu, mpaka mu 2025, patapita zaka 40, bwalo la milandu lidatsegulanso kafukufuku wa nkhaniyo. Ndipo mu 2022 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idapeza kuti mwa maiko 164 amene idawayeza, South Africa ndiyo idaposa onse pa kusiyana kwa olemera ndi osauka.

Mlandu suola. Pabwalo la mfumu wolakwa sangonena kuti pepani nkunyamuka. Amatula nkhuku kapena mbuzi, kuti chipepeso chioneke ndi maso. Zakeyo atalandira Ambuye Yesu m'nyumba mwake adalonjeza kubweza kanayi zimene adalanda, ndipo chiphunzitso chakale cha Mpingo chimati wakuba wolapa abweze zimene adaba. Ambuye Tutu ankazidziwa bwino zimenezi. Ankadandaula poyera kuti ntchito ya bungwe lawo idasiyidwa panjira, ndipo mu 2011 adakumbutsa dziko za pempho loti amene adalemera chifukwa cha tsankho apereke msonkho wapadera, mawu amene adawautsira mkwiyo wa anthu ambiri. Dandaulo lathu ndi loti mneneri ameneyu akumveka pang'ono m'bukuli. Amene angawerenge buku lokhali angaganize kuti mtendere umadza osauka akangofewetsa mitima yawo.

Ukalamba wosatseka pakamwa

Kuti timvetse bwino bukuli tiyenera kuliika pakati pa zina zimene mkuluyu adachita m'zaka zomwezo. Kupuma pa ntchito sikudawatseke pakamwa. Mu 2011, boma la ANC litazengereza kupereka chilolezo choti Dalai Lama abwere ku chikondwerero cha zaka zawo 80, adalidzudzula koopsa, ndipo mu 2013 adanena kuti sadzavoteranso chipanicho. Anthu amene adalimbana nawo limodzi pothetsa tsankho adamva mkwapulo womwe uja udagwera azungu. Galu wamkota sakandira pachabe. Ukalamba uli ndi ufulu umodzi umene achinyamata alibe: munthu safunanso kukwezedwa pa ntchito, saopanso kuchotsedwa, choncho angathe kunena zoona kwa adani ndi kwa abwenzi omwe. Ufulu umene udawalola kudzudzula boma la anzawo ndi womwewo udawalola kuulula za bambo awo.

Adalankhulanso za ulemu wa okalamba. Mu 2014 adadzudzula atsogoleri a ndale amene chaka chapitacho adakajambulitsa ndi Mandela ali wodwala, wosatha kulankhula, ndipo adati kutero kudali kumuchotsera ulemu. Pamenepa tigwirizana nawo kwathunthu, pakuti nkhalamba si chithunzi chokometsera msonkhano. Koma m'kalata yomweyo, ndiponso mu 2016 pokwanitsa zaka 85, adanena kuti munthu wodwala matenda osachiritsika aloledwe kuthandizidwa kufa. Pa mfundo imeneyi Mpingo wa Katolika ndi akhristu ambiri a mipingo ina, a Anglikani omwe, sagwirizana nawo, poti moyo ndi mphatso imene sitidadzipatse tokha, ndipo wodwala amafunika kuchepetseredwa ululu ndi kuperekezedwa mwachikondi mpaka kumapeto. Tingathe kulemekeza mkulu ndi kumvera mawu ake popanda kumeza chilichonse chimene wanena. Iwo eni sadafunepo kupembedzedwa.

Ambuye Tutu adamwalira pa 26 Disembala 2021 ali ndi zaka 90, atakhala pa banja ndi a Leah zaka 66. Mwambo wa maliro awo udachitika pa 1 Januwale 2022 m'tchalitchi lalikulu la St George ku Cape Town. Monga adalamulira ali moyo, thupi lawo lidagonekedwa m'bokosi lotchipa la matabwa a paini, lokhala ndi zogwirira za chingwe. M'dziko limene mabanja osauka amalowa m'ngongole kuti maliro aoneke bwino, bokosi limenelo lidali ulaliki wawo wotsiriza.

Nanga bukuli tiliweruze bwanji? Ngati buku la chilungamo cha maiko, nloperewera, ndipo liyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mbiri ya zimene zidatsata. Ngati umboni wa nkhalamba pa za m'nyumba, ndi limodzi mwa mabuku oona mtima amene mtsogoleri wa mpingo adalembapo m'nthawi yathu. Tikadakonda kuti limasuliridwe m'Chichewa, ndi kuti liwerengedwe mokweza m'miphakati ndi m'magulu a mabanja, kumene nkhani zake zingapeze mboni zimene kabuku ka munthu mmodzi sikangapereke. Akulu athu amene mudapuma pa ntchito, aphunzitsi, akatekisiti, abusa ndi ansembe, ana anu adamva kale za sukulu zimene mudatsegula ndi matchalitchi amene mudamanga. Chimene ambiri a iwo akudikira ndi kumva inu mukutchula tsiku limene mudawakalipira popanda chifukwa, ndi kuwauza kumene ukaliwo udachokera. Ndipo ife ana, kholo likatiitana madzulo kuti lili nafe ndi mawu, tikhale pansi usiku womwewo, ngakhale titatopa.